Mandasi Okutidwa ndi Mutu Womaliza

Buku lija silinali langa, ndipo apa mpamene panagona vuto lonse. Linali la madamu amene amayi anga amawagwirira ntchito ku Gaborone North, mayi wa Chitswana wamtali, wosaseka wamba, amene ali ndi shelefu yodzaza mabuku a mlembi mmodzi yekha. Mlembiyo ndi wa kunja, wotchuka kwambiri, wolemba za maiko ongopeka. Nkhani zake sizitha. Ukamaliza buku loyamba umapeza kuti pali lachiwiri, lachitatu, mpaka lachisanu ndi chiwiri, ndipo anthu amamera imvi akudikira lotsatira. Koma chaka chimenecho anatulutsa limodzi loima palokha, lopanda mkulu wake, lopanda mng'ono wake. Madamu anagula koma anali asanalitsegule. Atamva kuti ine ndimawerenga chilichonse, ngakhale kapepala ka m'bokosi la mankhwala, analipereka kwa amayi.

"Akuti uwerenge, ukawauze ngati ndi loyenera kutayirapo nthawi yawo," anatero amayi akulitulutsa m'chikwama atalikulunga m'chitenje ngati khanda. "Masabata awiri. Ndipo iwe, tamvera. Usadyere pafupi nalo, usalinyowetse, usapinde tsamba. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

"Wamva ndi makutu onse awiri, kapena limodzi lili kwa anzako?"

Amayi sankanena mwachibwana. Pepala lowaloleza kukhala ndi kugwira ntchito m'dziko muno linalembedwa ndi dzina la madamuwo. Ntchito ikatha, pepala latha, ife tikwere basi ya ku Dedza ine ndisanalembe mayeso a Fomu 5. Ku Dedza ndinachokako ndili ndi zaka zinayi, ndipo chimene ndimakumbukirako ndi kuzizira basi. Zonsezi ndinkazidziwa bwinobwino. Ndikunena kuti musadzati mwanayu sankadziwa.

Ndinalimaliza m'masiku anayi, m'kachipinda kathu ka kuseri kwa nyumba ya eni ake ku Broadhurst, m'kombi, minibasi ya kuno, ndi pansi pa desiki nthawi ya masamu. Nkhani yake ndi ya dziko limene mapiri amayenda ngati ng'ombe, ndipo banja lililonse lili ndi phiri lake lolidyetsa ndi kulilondera. Mtsikana wina anagona akuweta, phiri la kwawo nkusochera, ndiye akulisaka dziko lonse. Koyambirira nkotopetsa, ndisakunamizeni. Mlembi amathera masamba ambirimbiri kukuuza mayina a mafumu amene anafa kale ndipo sadzabweranso m'nkhanimo. Koma mtsikanayo akangotuluka m'mudzi, basi wagwidwa. Ndinapitirira siteji yanga kawiri.

Tsono m'kalasi mwathu munali mnyamata wa ku Lusaka amene ankakhala kumbuyo kwanga. Ntchito yake inali imodzi: kuulula mapeto. Ukamaonera filimu pafoni, iye wafika kale pakhutu pako, "Uja azafa ku lasti." Ukamawerenga buku, "Ni mkazi wake wamene anamupaya." Aliyense anatopa naye. Aphunzitsi sankaona kuti ndi mlandu. Ine ndinaona kuti ndi mlandu, ndipo ndinadzisankha ndekha kukhala woweruza.

Anayamba kundinyengerera yekha. "Iwe mu Malawi, nibwelekeko buku iyo. Masiku yatatu chabe."

"Mawa," ndinatero. "Ndikufuna ndibwerezeko mutu womaliza."

Ndinabwerezadi, koma ndi lezala. Ndinadula masamba asanu ndi limodzi omaliza, pafupi ndi msana wa buku, mosamala ngati dokotala, kusiya kachidutswa koti ndidzamatirepo pobwezera. Ndiye m'chipinda cha makompyuta kusukulu ndinalemba mapeto anga m'Chingerezi chonyada ngati cha mlembi uja. Mtsikana akulipeza phiri kudziko lina, koma phiri likukana kubwerera. Likuti lapeza ntchito, likutchinga mphepo kunyumba ya anthu olemera, akulisunga bwino, mapepala ake ali m'njira, akapereke moni kumudzi. Mtsikanayo akulira, kenaka akukwera kombi kubwerera kwawo. Ndinasankha zilembo zofanana, ndinadula mapepala ndi sizasi, ndinawapukuta ndi kathumba ka tiyi konyowa kuti achite chikasu pang'ono, ndinaumitsa, ndinamata ndi guluu. Mukanaona, mukanandigwira chanza.

Masamba enieniwo ndinafuna malo oti asakwinyike. Pamwamba pa kabati pali mulu wa nyuzipepala zakale, zolemera bwino. Ndinawalowetsa pakati pake.

Lachinayi nthawi ya buleki mnyamata uja anakwera pa mpando. "Imwe, mvelani! Phili ija siibwelela! Yapeza nchito!" Pakona panali mtsikana wa ku Modipane, wofatsa, amene anawerenga kale bukulo pafoni ya mkulu wake. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anamufunsa m'Chitswana ngati wadya chinthu chowola. Mnyamata analumbira pa agogo ake. Anatsegula buku nkuyamba kuwerenga mokweza, monyadira, mpaka anafika pa kombi. Pamenepo mawu ake anayamba kuchepa, kuchepa, mpaka anazima. Kalasi inaphulika. Wina anagwa pa mpando. Kuyambira tsiku limenelo akangotsegula pakamwa wina amakuwa kuti, "Lapeza ntchito!" Ine ndinaseka mpaka m'mimba munapweteka, ndipo mpaka lero ndikakumbukira nkhope ija ndimaseka. Pa chimenechi sindipepesa.

Buku ndinalitenga, ndinaliika patebulo kunyumba. Loweruka ndiye linali tsiku lobwezera masamba, amayi akapita kuntchito. Panali patatsala masiku anayi kuti masabata awiri akwane, ndiye nthawi inalipo.

Lachisanu ndinachoka m'mamawa, ndinawasiya amayi akukanda ufa. Sindinafunse. Madzulo nditabwera, patebulo panali poyera. Ndinayang'ana pansi pa bedi, m'sutikesi, m'ndowa ya zovala. Amayi anafika dzuwa likulowa, anavula nsapato pakhomo nkukhala pa bedi akusisita mapazi.

"Amayi, buku lija."

"Ndabweza. Si unamaliza? Likungokhala apa kudikira kuti ulithire tiyi?"

Ndinayang'ananso patebulo, ngati buku libwerera lokha.

"Ndipo sindinabweze chimanjamanja," anapitiriza. "Kwathu munthu akakubwereka mbale subweza yopanda kanthu. Ndawakazingira mandasi. Ana a madamu amati magwinya, koma athu ndi ena, athu ndi ofewa."

"Mwaika m'chiyani mandasiwo?"

"Ndakulunga. Ndimafuna nyuzi, koma nyuzi zimadetsa chakudya, ndiye ndapeza timapepala tina pakati pake, toyera bwino, tolimba, tokwana mandasi awiriawiri. Mwina ndi ta eni nyumba. Tamwa mafuta bwino zedi."

Ndinakwera pa mpando, ndinagwetsa mulu wonse wa nyuzipepala, ndinatsegula imodziimodzi. Munalibe ngakhale tsamba limodzi.

"Ukusaka chiyani, mwana iwe?"

"Homuweki."

Sindinadye bwino tsiku limenelo. Ndinayesa kuganiza njira zonse. Kuwauza amayi? Akanapita okha kukaulula m'mawa, akanagwada, ndipo ndinkadziwa kuti akanati olakwa ndi iwo. Kudwala? Sikukanabweza masamba. Kupemphera ndinapemphera, koma mwamanyazi, chifukwa ndinkadziwa kuti Mulungu anaona lezala lija. Chiyembekezo changa chinali chimodzi: madamu ndi munthu wotanganidwa. Mwina mandasi anadya ana, mapepala ali m'bini, buku lili pa shelefu losatsegulidwa. Ndikangofika, ndichotse mapeto anga, nditole masamba m'bini, ndiwasite, ndimate. Adzangoti buku linadontheredwa mafuta. Mlandu wa mafuta ndi waung'ono kuposa wa lezala.

Loweruka amayi amagwira mpaka masana. Ndinadzuka iwo asanadzuke, ndinavala, ndinaika guluu m'thumba la siketi.

"Ndikuperekezani. Ndikakuthandizeni kusita."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Iwe? Kusita? Walakwa chiyani?"

"Palibe. Kodi mwana sangathandize mayi ake?"

"Mwana angathandize. Ndikufunsa za iwe."

Kombi inachedwa kudzaza. Dalaivala ankaima paliponse pamene waona munthu, ngakhale amene akungoyanika zovala. Titatsika pamsewu waukulu tinayenda wapansi m'fumbi, kudutsa mipanda italiitali, agalu akuuwa mkati. Ndinkayang'ana msana wa amayi, chikwama chawo chong'ambika chingwe, mmene amafulumirira akayandikira geti kuti asachedwe ngakhale mphindi imodzi. Zaka zisanu ndi zitatu akuyenda msewu umenewu.

Tinalowera khomo la kukhitchini. Ndinaponya maso ku bini kaye. Kenaka ndinaona patebulo.

Masamba asanu anali atayalidwa mumzere, motsatira manambala ake, aliyense ali ndi chibanga chachikulu cha mafuta moti thabwa la tebulo linkaonekera. Pambali pake buku, lotsegulidwa pa mapeto anga. Madamu anali atakhala pamenepo ndi kapu ya tiyi, magalasi ali pamphuno.

"Dumela, mma," tinatero tonse.

Anayankha moni, kenaka analankhula m'Chingerezi, pang'onopang'ono, monga amachitira akafuna kuti amayi amve liwu lililonse. Anati dzulo akudya mandasi anayamba kuwerenga pepala lokulungira, monga munthu amachitira, ndipo anadabwa kuona dzina la mlembi wawo pamwamba pake ndi nambala ya tsamba pansi. Anatsegula buku pa nambala yomweyo. Anapeza zina.

Amayi sawerenga Chingerezi kwenikweni, koma timapepala tawo anatizindikira. Ndinaona nkhope yawo ikumvetsa pang'onopang'ono. Anayang'ana masamba, anayang'ana buku, ndipo ine sanandiyang'ane ngakhale pang'ono. Anaika chikwama pansi, anagwada pa matailosi, manja pamodzi.

"Pepani, madamu. Ndine. Ndalakwa ndine."

"Dzukani, chonde, sindikonda zimenezi," anatero madamu. Amayi sanadzuke. "Kukulunga munakulunga ndinu, ndikudziwa. Ndikufunsa amene anadula."

"Ndine, madamu."

"Munadula ndi chiyani?"

"Ndi mpeni."

"Ndipo izi munalemba ndinu?" Anakweza buku.

"Ndine."

Madamu anavula magalasi. Anati buku ndi pepala chabe, likhoza kugulidwa lina. Koma m'nyumba muno amasiya makiyi, amasiya ana, amasiya chilichonse m'manja mwa munthu mmodzi, ndipo munthu ameneyo akayamba kuwanamiza m'maso muli gwa, sangathe kumusunga. Anati amene analipo amayi asanabwere anachoka chifukwa cha bodza, osati chifukwa cha mbale imene anaswa. "Ndikufunsanso komaliza," anatero. "Ganizani bwino musanayankhe."

Amayi anatsegula pakamwa. Ndinkadziwa chimene chitatuluke. Akananena kuti olakwa ndi iwo mpaka pa basi ya ku Dedza.

Ndinapisa m'thumba, ndinatulutsa guluu, ndinamuika patebulo pakati pa masamba.

"Si mpeni, mma. Ndi lezala. Mpeni sungadule mowongoka choncho."

"Khala chete iwe!" amayi anandikalipira m'Chichewa.

"Amayi, mwagwidwa kale. Simudziwa ngakhale kuyatsa kompyuta."

Ndinafotokoza zonse, za mnyamata wa ku Lusaka, za tiyi, za mulu wa nyuzipepala. Ndinati amayi sankadziwa kanthu, amangofuna kuti buku lisabwerere lokha lopanda kanthu, chifukwa kwathu nchamanyazi. Ndinati ngati pali wothamangitsidwa ndine, ngakhale sindigwira ntchito pano. Mawu ankatuluka osakanikirana, Chingerezi, Chitswana, misozi ndi mamina. Sindinalirepo choncho pamaso pa mlendo. Ndinati chonde, mma, chonde, kangapo konse, mpaka ndinasowa china chonena.

Madamu anavalanso magalasi. Filiji inkangolira. Panja mwana wawo ankamenyetsa mpira kukhoma.

"Mayi ako akunama chifukwa cha iwe," anatero kenaka. "Ukuona chimene wachita?"

"Ndikuona, mma."

"Phiri lija lopeza ntchito. Mapepala ake ali m'njira." Anandiyang'ana, kenaka anayang'ana amayi ali chigwadire. Sanapitirize. Anadzuka, anawagwira amayi pamkono nkuwaimiritsa okha. "Musadzandinamizenso, ngakhale chifukwa cha uyu. Makamaka chifukwa cha uyu. Pitani mukayambe zochapa."

Amayi anathokoza m'Chitswana, ke a leboga, katatu, anatola chikwama nkutuluka. Podutsa pafupi nane ananong'ona, "Tikafike kunyumba."

Ine madamu anandiloza mpando. Anandipatsa simbi ndi mapepala a kukhitchini oyamwa mafuta, nkundiuza kuti ndisite tsamba lililonse mpaka liume, ndichotse zanga, ndimate zenizeni. Ndinagwira ntchito imeneyo iwo akundiyang'anira ngati mayeso. Khitchini yonse inanunkhira mandasi.

"Tsopano yankha chimene ndinakutuma," anatero. "Ndi loyenera kuwerenga?"

Ndinapukuta mphuno. Ndinati eya, ndi loyenera. Ndinati apirire koyambirira, mayina a mafumu asawaloweze, sadzawafunanso. Ndinati ubwino wake ndi wakuti sipafunika kudziwa mabuku ena aja, ndipo likatha latha, silikusiya ukudikira zaka. Ndinati pali malo ena pakati pamene mtsikanayo akugona pa phiri la eni ake, lachilendo, nkumamva likupuma pansi pake, ndipo pamenepo ndinaiwala kuti ndili m'kombi. Koma ndinawauzanso kuti mlembiyo sadziwa kulemba anthu oseka. M'buku lonse palibe amene amanena nthabwala, ngati dziko lonse lili pamaliro.

"Ndiye unaganiza zomuthandiza."

"Pang'ono, mma."

Pakamwa pawo panagwedezeka, koma sanaseke. Anawerenga masamba amene ndinamata. "Asanu. Unadula angati?"

"Asanu ndi limodzi."

Anaganiza pang'ono, kenaka anadzimenya pamphumi. Amuna awo anatenga mandasi awiri popita kuntchito dzulo, okulungidwa. Anawaimbira foni pomwepo. Bamboyo anati mandasi anali okoma kwambiri, athokozedwe amene anakazinga, koma pepala anataya m'bini ya kuofesi, ndipo zinyalala amachotsa Lachisanu madzulo. Linali tsamba lomalizira penipeni.

Madamu anaika foni pansi. Anayang'ana buku lawo lonenepa ndi guluu, lonunkhira mafuta, lopanda mchira. Kenaka anandiyang'ana ine, munthu yekhayo m'nyumbamo amene anawerenga tsamba limenelo.

"Usandiuze pano," anatero. "Lemba papepala, upinde, uike kumapeto. Ndidzawerenga ndikafikapo. Ndipo ulembe zoona."

"Zoona zokhazokha, mma."

Anandipatsa pepala ndi cholembera. Ndinakhala pamenepo, maso otupa, ndikumva amayi akutsegula mpopi kuseri. Ntchito yawo inalipo. Lolemba adzayendanso msewu wa fumbi uja, ine ndidzalemba mayeso anga kuno. Ndinapuma mpweya woyamba wathunthu chiyambire Lachisanu.

Ndinalemba zoona. Mtsikana akulipeza phiri litakalamba, silingathenso kuyenda, ndiye m'malo molibweza kwawo akupita kukatenga mudzi wonse kuti usamukire pamene lagonapo. Ndi mapeto abwino, abwino kuposa anga, ndivomere. Ndinalemba momwe ndinkakumbukirira, mzere ndi mzere, mpaka pothera.

Pansi pa pepala panatsala malo a mizere iwiri. Ndinayang'ana madamu, anali atatembenuka akutsuka kapu. Ndinawonjezera mbuzi. M'buku lonse mulibe mbuzi, koma m'tsamba langa, anthu onse atasamuka, mbuzi imodzi ikukwera pamwamba pa phiri, ikuyang'ana mudzi watsopano, nkuyetsemula. Ndinapinda pepala kanayi, ndinaliika kumapeto, ndinatseka buku.

Pobwerera amayi sanandilankhule m'fumbi monse, sanandilankhule m'kombi. Tikutsika ku Broadhurst anandigwira khutu pamaso pa anthu onse a pasiteji, ndipo sanalisiye mpaka pageti la eni nyumba. Foni anandilanda mwezi wathunthu. Kusita kwa nyumba yonse kunakhala kwanga mpaka mayeso.

Patapita masabata atatu anabwera kuchokera kuntchito, anavula nsapato pakhomo, anakhala pa bedi.

"Madamu amaliza buku lija. Akuti unanena zoona, ndi labwino." Anasisita phazi. "Koma akuti ndikufunse. Akuti mbuzi ija yawasokoneza, ayang'ana buku lonse sakuipeza pamene inayambira. Mbuzi yanji?"

"Akawerengenso bwino, amayi," ndinatero ndikupinda malaya. "Ili koyambirira, pakati pa mafumu paja."